Mawu amapeza kuti tanthauzo? Maganizo a Ludwig Wittgenstein ndi mwana wa m'kalasi yoyamba

M'chaka cha 1920, sukulu ya pulayimale ya m'mudzi wa Trattenbach, kumapiri a kumwera kwa mzinda wa Vienna ku Austria, idalandira mphunzitsi watsopano wa zaka 31. Dzina lake linali Ludwig Wittgenstein. Bambo ake adali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri m'dzikolo, koma iye anali atagawira abale ake chuma chonse chimene adamusiyira. Anali atalembanso buku la filosofi lomwe patapita zaka zochepa lidatchuka m'mayunivesite a ku Ulaya. Ngakhale zinali choncho, adasankha kukaphunzitsa ana a alimi ndi a anthu ogwira ntchito m'fakitale kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndipo adakhala pa ntchitoyi zaka pafupifupi 6.

Wittgenstein sadalembepo za maphunziro a m'zilankhulo ziwiri. Koma funso limene adalimbana nalo moyo wake wonse ndi lomwe mphunzitsi wa kalasi yoyamba ku Angónia kapena ku Lago amakumana nalo m'mawa uliwonse: mwana akanena kuti wamva, kodi wamva chiyani? Nanga mawu amapeza kuti tanthauzo? Funsoli adaliyankha kawiri, ndipo yankho lachiwiri lidatsutsa loyamba. Nkhani ino ikufotokoza mayankho awiriwo, kenako zimene ankaganiza pa kudziwa ndi pa chimwemwe.

Moyo wake mwachidule

Wittgenstein adabadwira ku Vienna pa 26 Epulo 1889. Poyamba adaphunzira za uinjiniya ku Berlin, ndipo mu 1908 adapita ku Manchester kukafufuza za ndege. Masamu a ntchitoyo adamubweretsera funso lakuya: kodi masamu eniakewo adakhazikika pa chiyani? Funsoli lidamufikitsa ku Cambridge mu 1911, kwa Bertrand Russell, yemwe anali katswiri wa masamu ndi malamulo a kaganizidwe kolondola. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, adadzipereka kukhala msilikali wa Austria, ndipo ankalemba maganizo ake m'makope ali kunkhondoko. Adagwidwa ukaidi ku Italy mu 1918 ndipo adamasulidwa chaka chotsatira.

Buku lomwe lidachokera m'makope aja, Tractatus Logico-Philosophicus, lidatuluka m'Chijeremani mu 1921. Mu 1922 lidatulukanso ku London m'zilankhulo ziwiri, tsamba la Chijeremani mbali iyi, la Chingerezi mbali inayo. Atasiya uphunzitsi adabwerera ku Cambridge mu 1929, adakhala pulofesa mu 1939, adatula pansi udindowo mu 1947, ndipo adamwalira ndi khansa pa 29 Epulo 1951. Buku lake lachiwiri lalikulu, Philosophische Untersuchungen, lomwe m'Chipwitikizi limadziwika kuti Investigações Filosóficas, lidasindikizidwa mu 1953 iye atamwalira kale.

Yankho loyamba: chiganizo ndi chithunzi

Ali kunkhondo, Wittgenstein adawerenga za mlandu wina wa ngozi ya galimoto ku khoti la ku Paris. Pofuna kuonetsa mmene ngoziyo idachitikira, anthu adaika timagalimoto toseweretsa ndi tizidole patebulo. Kagalimoto kalikonse kankaimira galimoto yeniyeni, ndipo mmene adatiyalira patebulopo munkaonetsa mmene zinthu zidakhalira pamsewu. Iye adaona kuti chiganizo chimagwira ntchito chimodzimodzi. Munthu akati "mbuzi ili m'munda", mawu akuti mbuzi akuimira chiweto, akuti munda akuimira malo, ndipo kayalidwe ka mawuwo kakujambula mmene ziwirizo zakhalira. Ngati mbuziyo ilidi m'munda, chiganizocho n'choona. Ngati ili m'khola, n'chabodza. Koma ngakhale chikhale chabodza chimamveka ndithu, chifukwa chajambula chinthu chomwe chikadatha kuchitika.

Choncho kufotokoza dziko sikutanthauza kutchula mayina a zinthu zonse zimene zilimo, monga mbuzi, munda ndi khola. Kumatanthauza kunena mmene zinthuzo zakhalira pamodzi. Ntchito yeniyeni ya chilankhulo, malinga ndi buku loyambali, ndi imeneyi basi. Nanga nkhani za chabwino ndi choipa, za kukongola, za Mulungu, za phindu la moyo? Izi si zochitika zoti munthu angaziyale patebulo ngati timagalimoto tija, motero Wittgenstein adati sizinganenedwe m'ziganizo zoona kapena zabodza. Zimangoonekera m'moyo wa munthu. Ena adamumva ngati akuti nkhanizi n'zopanda pake, koma sizinali choncho. M'kalata yomwe adalembera mkonzi wina dzina lake Ludwig von Ficker mu 1919, adafotokoza kuti cholinga cha bukulo chinali pa za makhalidwe, ndipo gawo lofunika koposa ndi lomwe sadalilembe.

M'buku lomweli muli ganizo lomwe limatchulidwa kawirikawiri pamisonkhano ya zilankhulo, lonena kuti pamene chilankhulo cha munthu chathera ndi pomwenso dziko lake lathera. Ganizoli limafunika kusamala nalo. Wittgenstein sankayerekeza chilankhulo china ndi chinzake, ngati kuti wolankhula Chinyanja ali m'dziko lina ndipo wolankhula Chipwitikizi ali m'linanso. Ankanena za malire a chilichonse chomwe chinganenedwe momveka, m'chilankhulo china chilichonse. Amene akufuna mfundo zothandiza pa nkhani ya zilankhulo za m'sukulu adzazipeza zambiri m'buku lachiwiri kusiyana ndi loyambali.

Zaka za m'kalasi

Atamaliza Tractatus, Wittgenstein adakhulupirira kuti wathetsa mavuto aakulu a filosofi, ndipo adakaphunzira uphunzitsi ku Vienna. Adaphunzitsa ku Trattenbach, ku Puchberg ndi ku Otterthal. Sankakonda zoloweza pamtima. Ankafuna kuti ana aone ndi kugwira okha: adalumikiza nawo mafupa a mphaka kuti aphunzire za thupi, adapanga nawo timakina toyendera nthunzi, ankawaonetsa nyenyezi usiku, ndiponso ankapita nawo ku Vienna kukaona nyumba zakale ndi malo osungirako zinthu zakale.

Ana a m'midzi imeneyo ankalankhula Chijeremani chakumudzi, chosiyana ndi cha m'mabuku, ndipo madikishonale omwe analipo anali okwera mtengo komanso odzaza ndi mawu omwe anawo sakadawagwiritsa ntchito. Wittgenstein adasonkhanitsa mawu omwe ana ake ankawafunadi polemba, ndipo mu 1926 adatulutsa kadikishonale ka sukulu za pulayimale, Wörterbuch für Volksschulen, ka mawu oposa 5,000. M'malo ena adagwiritsa ntchito kalankhulidwe ka kumudzi pothandiza mwana kusiyanitsa mawu ofanana a m'Chijeremani cha m'mabuku. Kupatula Tractatus, ili ndi buku lokhalo lomwe adasindikiza ali moyo.

Mbiriyi ili ndi mbali yoipanso. Wittgenstein anali waukali ndi wosachedwa kupsa mtima, makamaka kwa ana omwe ankachedwa kumva masamu. Ankawamenya makofi ndi kuwakoka tsitsi. Mu Epulo 1926, ku Otterthal, adamenya mnyamata wa zaka 11 m'mutu mpaka mwanayo adakomoka, ndipo adasiya ntchito masiku omwewo. Patapita zaka 10 adabwerera m'mudzimo ndi kuyenda m'makomo kupepesa ana amene adawavulaza. Ofufuza ambiri amaona kuti zaka zimenezi zidasintha kaganizidwe kake, pakuti buku lake lachiwiri ladzaza ndi zitsanzo za mwana wophunzira kulankhula ndi za mphunzitsi wolimbana ndi wophunzira amene wamva mosiyana.

Yankho lachiwiri: tanthauzo lili m'kagwiritsidwe ntchito

Buku lachiwirilo limayamba ndi kutsutsa maganizo omwe anthu ambiri ali nawo, akuti mawu aliwonse ndi dzina la chinthu, ndipo mwana amaphunzira kulankhula pamene akuluakulu akumulozera zinthu n'kumazitchula. Wittgenstein adawapeza maganizowa m'zolemba za Augustine woyera, koma analinso maganizo ake omwe a poyamba. Vuto lake lili apa: kuloza pakokha sikuuza munthu chimene chikulozedwa. Mphunzitsi akanyamula makope awiri ofiira n'kunena kuti "dois", mwana amene sadziwa Chipwitikizi angaganize kuti mawuwa akutanthauza kope, kapena kufiira, kapena kunyamula. Amazindikira kuti ndi nambala pokhapokha ngati akudziwa kale kuti pano tikuwerengera zinthu. Kuloza kumathandiza munthu amene waloweramo kale m'zochitikazo.

Kuti aonetse njira ina, Wittgenstein adapereka chitsanzo cha mmisiri womanga nyumba ndi womuthandiza. Chilankhulo chawo chonse chili ndi mawu anayi okha, mayina a zipangizo zomangira. Mmisiri akatchula limodzi, mnzakeyo amabweretsa chipangizocho. Pamenepo mawu ngati "njerwa" si dzina chabe, ndi pempho, ndipo umboni woti wothandizayo wamva ndi woti njerwa yafika. Mawu pamodzi ndi zochita zomwe alukana nazo adazitcha masewera a chilankhulo. Kulamula, kufunsa, kuthokoza, kupemphera, kuseka nthabwala, kupha mwambi, zonsezi ndi masewera osiyanasiyana, ndipo lililonse lili ndi malamulo ake. Kujambula mmene zinthu zilili, komwe buku loyamba lidati ndiye ntchito yonse ya chilankhulo, kudangotsala sewero limodzi mwa ambiri.

Chinyanja chili ndi zitsanzo zomveka bwino. Mawu akuti "odi" satchula chinthu chilichonse, koma mwana wa zaka 4 amadziwa kuti amanenedwa pakhomo la eni ndipo amayembekezera yankho. "Zikomo" amathokoza, amapempha njira pakati pa anthu okhala pansi, amavomera munthu akaitanidwa. "Pepani" amanenedwa ndi wolakwa, koma amanenedwanso pamaliro ndi munthu amene sadalakwe kanthu, pomwe m'Chipwitikizi "desculpe" sangalowe m'malo onse awiriwo. Mawu akuti "tio" amaphimba bambo wamng'ono ndi malume pamodzi, chonsecho kwa Achewa malume ali ndi udindo pa ana a mlongo wawo umene bambo wamng'ono alibe. Kudziwa mawuwa n'kudziwa moyo umene amagwiramo ntchito. N'chifukwa chake Wittgenstein ankati chilankhulo ndi gawo la kakhalidwe ka anthu, osati mndandanda wa mayina.

Adaonanso kuti zinthu zotchedwa ndi dzina limodzi sizikhala nthawi zonse ndi chinthu chimodzi chofanana. Bawo, mpira, phada ndi chibisalirano onse ndi masewera. Ena ali ndi wopambana, ena alibe. Ena amafuna matimu, ena munthu amatha kusewera yekha. Amafanana ngati anthu a banja limodzi: uyu adatengera mphuno, uyo kayendedwe, winayo mawu. Mwana saphunzira mawu akuti masewera pomuuza tanthauzo la m'dikishonale, amaphunzira poona zitsanzo zambiri.

Chitsanzo chake china chimakhudza aphunzitsi mwachindunji. Wophunzira wauzidwa kuti azilemba manambala akuwonjezera 2. Akulemba bwino mpaka kufika pa 1000, kenako akulemba 1004, 1008, 1012. Akadzudzulidwa akudabwa, pakuti iye akuona kuti akuchita zomwe adauzidwa. Palibe lamulo lomwe limadzifotokoza lokha mpaka kumapeto. Kumva lamulo si kuwala kobisika m'mutu mwa munthu, koma luso lotha kupitiriza molondola pa zitsanzo zatsopano, ndipo lusolo limabwera pochita, pokonzedwa ndi pochitanso.

Kudziwa kumayambira pa kukhulupirira

M'miyezi 18 yomaliza ya moyo wake, Wittgenstein adalemba za kudziwa ndi kukayika. Zolembazo zidatuluka mu 1969 m'buku lotchedwa Über Gewissheit, m'Chipwitikizi Da Certeza. Ankayankha mnzake wa ku Cambridge, G. E. Moore, yemwe mu 1939 adafuna kugonjetsa anthu okayikira zoti dziko lilikodi. Moore adakweza manja ake awiri pamaso pa anthu monga umboni woti akudziwa kuti kunja kwa maganizo ake kuli zinthu zenizeni.

Wittgenstein adaona kuti Moore ndi okayikirawo onse adasokoneza mawu akuti kudziwa. Munthu amati akudziwa pamene pali mpata wolakwa ndiponso njira yotsimikizira: akudziwa kuti basi ya ku Tete yanyamuka chifukwa waiona. Koma zoti ali ndi manja, kapena zoti dziko lidalipo iye asadabadwe, sazifufuza. Izi ndi maziko omwe kufufuza kulikonse kumaimapo. Adaziyerekeza ndi mahinjesi a chitseko, omwe ayenera kukhala osasuntha kuti chitseko chitseguke. Adaziyerekezanso ndi pansi pa mtsinje pomwe madzi amayendapo: pamasintha ndithu, koma pang'onopang'ono kusiyana ndi madziwo.

Mwana maziko amenewa samawalandira ngati phunziro. Palibe amene amamuphunzitsa kuti madzi aliko kapena nkhuni ziliko. Amatumidwa kukatunga madzi ndi kukatola nkhuni, ndipo m'zochitazo dziko limakhazikika mwa iye. Amayamba ndi kukhulupirira akuluakulu, kukayika kumabwera pambuyo. Wophunzira amene angakayikire chilichonse chomwe mphunzitsi wanena sangaphunzire kanthu, ngakhale kufunsa funso lomveka kumene. Motero kudziwa si katundu wa munthu mmodzi payekha. Kumamera m'gulu la anthu olankhulana ndi ochitira zinthu limodzi.

Za chimwemwe

Wittgenstein sanali munthu wa moyo wofewa. Azichimwene ake atatu adadzipha, ndipo iyenso adavutika ndi maganizo otere kwa zaka zambiri. Ali kunkhondo ankayenda ndi kabuku ka Leo Tolstoy kofotokoza Uthenga Wabwino, ndipo m'makope ake a 1916 adalemba zambiri za moyo wachimwemwe. Maganizo ake anali akuti munthu alibe mphamvu yokakamiza zochitika kuti zitsate zofuna zake, choncho chimwemwe chodalira kupeza zimene ukufuna n'chosakhalitsa. Wachimwemwe ndi amene wagwirizana ndi moyo mmene ulili, amene akukhala m'nthawi ino mopanda mantha, ngakhale mantha a imfa, ndipo chikumbumtima chake chili pa mtendere.

Mu Tractatus adaonjezera kuti munthu wokondwa ndi munthu wosakondwa sakhala m'dziko lofanana, ngakhale zochitika zowazungulira zikhale zimodzimodzi. Palibe chinthu chomwe chawonjezeka kapena kuchoka, koma zonse pamodzi zimaoneka mwina. Ana awiri akhoza kukhala pa benchi imodzi, pamaso pa bolodi limodzi ndi mphunzitsi mmodzi, wina ali pamalo pomwe akumva ndi kuyankha, mnzake ali pamalo pomwe akungopemphera kuti asalozedwe.

Kwa Wittgenstein wachikulire, filosofi idali ngati mankhwala. Mavuto ambiri a m'maganizo amabwera pamene mawu achotsedwa pa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku n'kumazungulira opanda chogwira, ndipo munthu amapeza mpumulo akawabwezera kwawo. Atauzidwa kuti watsala ndi masiku ochepa, adalandira uthengawo modekha. Usiku wake womaliza adapempha mkazi wa dokotala yemwe ankamusunga m'nyumba mwake ku Cambridge kuti akauze anzake kuti moyo wake udali wabwino kwambiri.

Zimene zikukhudza kalasi ya zilankhulo ziwiri

Ku Mozambique ana ambiri a kumidzi amayamba sukulu asakulankhula Chipwitikizi. Pakati pa 1993 ndi 1997, pulojekiti ya PEBIMO idayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira mu 2003 maphunziro a m'zilankhulo ziwiri adalowa m'sukulu za boma zosankhidwa. Filosofi singalowe m'malo mwa kafukufuku wa m'kalasi, koma maganizo a Wittgenstein amathandiza kuona bwino zinthu zitatu.

Choyamba, kubwereza mawu si kumva. Kalasi yonse ikhoza kuyankha "sim" mokweza mphunzitsi akafunsa "entenderam?", koma anawo angophunzira sewero limodzi, loti mawu awa akamveka timayankha chakuti. Mawu a Chinyanja akuti kumva ali ndi ntchito zingapo: kumva phokoso, kumva fungo, kumva kupweteka, kumvera lamulo, kumvetsa nkhani. Mwana akhoza kumva m'njira yoyamba ndi yachinayi koma osamvetsa. Umboni wa kumvetsa ndi womwe uja wa njerwa: kodi mwanayo angagwiritse ntchito mawuwo pa chitsanzo chimene sadachionepo?

Chachiwiri, mwana wa zaka 6 safika kusukulu ali chimanjamanja. Amadziwa kuwerenga mbuzi zikamalowa m'khola, kugawa mango mofanana, kupha ndagi, kupereka moni kwa akulu ndi kudziteteza akanamiziridwa. Maziko ake onse a kudziwa adamangidwa m'chilankhulo cha kunyumba. Kumuphunzitsa kuwerenga ndi masamu m'chilankhulocho n'kumanga pa maziko omwe alipo kale. Kumuyambitsa m'chilankhulo chachilendo n'kumupempha kuti aphunzire lamulo latsopano ndi mawu ofotokozera lamulolo nthawi imodzi.

Chachitatu, Chipwitikizi nachonso chiyenera kuphunzitsidwa ngati zochita, osati ngati mndandanda wa mawu a pabolodi. Mwana amachiphunzira pogula ndi kugulitsa m'kasewero ka msika, pofunsa njira, potuma mnzake, pofotokoza zomwe zachitika dzulo. Mfundo yomweyi ikukhudza magulu omwe amapanga mawu atsopano a masamu ndi sayansi m'Chinyanja. Mawu olembedwa bwino m'kabuku ka matanthauzo amakhala alibe moyo mpaka mphunzitsi ndi ana atayamba kuwagwiritsa ntchito pothetsa samu yeniyeni, ndipo akalephera pamenepo ndi bwino kuwasintha.

Pomaliza pali phunziro lochokera ku kulephera kwa Wittgenstein mwini. Munthu amene adadzalemba momveka kuti wophunzira wolakwitsa nthawi zambiri amakhala akutsata lamulo mmene iye walimvera, ndi yemweyo amene adamenya ana chifukwa chochedwa kumva. Zimenezi adazizindikira atachoka kale m'kalasi. Mphunzitsi kapena wofufuza amene wakumana ndi mwana wolemba 1004 pamalo pa 1002 ali ndi mwayi womwe mphunzitsi wa ku Otterthal uja adautaya: kukhala pansi ndi mwanayo n'kumufunsa, m'chilankhulo chomwe angathe kuyankhira, kuti wafika bwanji pa nambala imeneyo.